Nyimbo ni zathu, nanga geti ni ya ndani?

Laciwili m'mawa ndinakwela Hiace ya ku Matero kupita m'tauni, mpando wakumbuyo kwenikweni, paja maondo amagunda citsulo. Wailesi ya a dalaiva inali pamwamba monga mwa masiku onse. Titaima pa mzele wa mamotoka mu Lumumba Road, nyimbo inadukizidwa ndi cilengezo ca shoo ya kumapeto kwa mwezi: oimba ambilimbili, bandi yathunthu, kuvina mpaka kuca. Kenako mau aja othamanga anachula mitengo. Ordinary K300. VIP K1,000. Wofuna tebulo ya VVIP atume foni.

Basi yonse inangoti zii. Kenako amai ena amene anafungatila beseni yopanda kanthu, ulendo wa ku Soweto kukaoda tomato, anaphulika kuseka. "Ati K300! Iyo ni saka ya unga yonse, bana banga badye mwezi."

Kondakita, mnyamata wa zaka ngati 20, anali kupinda ma K10 pakati pa zala. Osayang'ana munthu, anati: "Amai, ine nyimbo za uyu mudala nizidziwa zonse, mutu na mucila. Nimazimvela kucoka 05 mpaka 21 hours. Koma kumuona na menso, nimamuonela cabe pa poster."

Anthu anaseka, ine ndinasekanso. Koma nditaseluka pa City Market mau aja sanandicoke m'mutu. Munthu amene amaliza nyimbo za woimba tsiku lonse, amene amazimvetsa kwa anthu mazana pa sabata popanda kulipidwa ngakhale ngwee, ndiye amene sangakwanitse kulowa pa geti. Apa pali cinthu cimene calakwika, ndipo lelo ndifuna tikambilane mosabisa.

Ino ndiyo nyengo yake. Mphepo ikangotha, mvula isanayambe, Lusaka imadzala ndi mapepala a mashoo. Ali pa mitengo ya magetsi, pa zipupa za maflyover, kumbuyo kwa mabasi, ndi pa foni ya aliyense. Kucokela pa cikondwelelo ca ufulu pa 24 October mpaka usiku wolowa caka catsopano, palibe Ciwelu cimene cimapita cabe. Ku Showgrounds kuli zocitika, ku Heroes Stadium kuli zocitika, m'malodge ndi m'maholo a m'mahotela namonso. Oimba gospel ali ndi zawo, a kalindula zawo, anyamata a nyimbo zamanje zawo, ndipo pamabwelanso alendo ocokela ku Nigeria, South Africa, Congo, Malawi ndi Zimbabwe. Cisangalalo ciliko cambili. Cimene cacepa ndi anthu okwanitsa kucifikila.

Ndiyambe ndi kuulula kanthu. Ife atolankhani nthawi zambili sitilipila. Timaonetsa kakhadi pa geti, amatimanga kapepala pa mkono, talowa. Kwa zaka zingapo ndinali kulemba kuti shoo inali yamoto, anthu anavina mpaka fumbi, osadzifunsa kuti fumbilo aliyense analigula zingati. Caka catha ndiye ndinaphunzila. Mng'ono wanga wamkazi atamaliza mayeso, ndinamulonjeza kuti ndidzamupeleka kukaona woimba amene amamukonda, ndipo ndinati ulendo uno ndilipila ngati wina aliyense.

Tiyeni tiwelengele pamodzi. Matikiti awili a ordinary, K250 imodzi, ndiye K500. Mabasi awili aliyense kuti tikafike, K60. Pa geti anatilanda botolo ya madzi imene tinanyamula, ati zakumwa zakunja sizilowa. Mkati, madzi, zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi tumichopo tocepa zinatidyela K140. Pa poster analemba kuti ziyamba 18 hours. Woimba woyamba anakwela pa siteji ca m'ma 21 hours. Amene tinabwelela anatulukila 01 hours itapita, anaimba nyimbo zocepa pamwamba pa mau ake omwe a mu kompyuta, natsazika. Panja panalibe basi olo imodzi. Taxi ya pa foni, poona kuti tonse tikuifuna nthawi imodzi, inakwela mtengo mpaka K220. Zonse pamodzi K920, usiku umodzi, anthu awili, osamwa ngakhale botolo imodzi ya mowa.

Manje ikani K920 imeneyo pambali pa izi. Mu January 2024, malipilo ocepetsetsa a wanchito wa panyumba mwalamulo anaikidwa pa K1,300 pamwezi. M'caka comweco, a JCTR, amene amawelengela mtengo wa zofunika pa umoyo mwezi ndi mwezi, anapeza kuti banja la anthu asanu mu Lusaka lifunika ndalama zopitilila K10,000 pamwezi. Ambili a ife amene timakhala anayi-anayi pa mpando wa Hiace sitiifika ndalama imeneyo, ngakhale titaphatikiza ya amuna ndi ya akazi. Ndiye munthu akati shoo yadula, sikuti ndi woumila kapena sakonda zakwathu. Wawelengela cabe.

Koma cilungamo cifuna kuti timvenso mbali ya amene amakonza mashoo, cifukwa si onse amene ali akuba. Pa nchito yanga ndakhala nawo kumbuyo kwa siteji, ndipo ndaona ena akutuluka thukuta poona mipando ili yopanda anthu pamene ngongole zikuwayembekeza m'mawa.

Coyamba ndi dola. Woimba wocokela kunja salandila kwacha. Iye, bandi yake, matikiti a ndeke ndi zina zonse zimawelengedwa mu dola. Mu 2017 dola imodzi inali pafupi ndi K10. Pofika kumapeto kwa 2024 inali itapitilila K27. Ndiye kuti woimba yemweyo, wolipilitsa ndalama yomweyo, anafika podula kuwilikiza pafupifupi katatu popanda iye kuwonjezela kalikonse. Zokuzila mau, magetsi a pa siteji, maskilini akuluakulu, ngakhale nthambo za gitala, zonse zimagulidwa kunja. Mwini wake akazibweleketsa, amawelengela ndalama imene adzagulile zina zikaonongeka.

Caciwili ndi malaiti. Tonse tikukumbuka 2024, cilala citaumitsa Kariba, pamene makomboni ena anali kuona magetsi maola atatu cabe pa tsiku. Kucokela nthawi imeneyo palibe pulomota wanzelu amene angaike shoo yake m'manja mwa mwayi. Amabweleka genset yaikulu, nthawi zina ziwili, ndipo zimamwa dizilo usiku wonse. Mtengo wa mafuta nawo, kucokela pamene boma linacotsa sabuside kumapeto kwa 2021, a ERB anayamba kuwuunika mwezi ulionse. Inu ndi ine timaumvela pa mtengo wa basi. Pulomota amaumvela pa genset, pa malole onyamula siteji ndi pa basi ya oimba.

Cacitatu ndi mapepala ndi anthu. Malo amalipilidwa. Cilolezo ca khonsolo cimalipilidwa. Apolisi ndi alonda a pa geti afunika zawo. Woimba wakunja afunika cilolezo ca a National Arts Council ndi ca a immigration, ndipo a ZRA amadula msonkho pa malipilo ake. A ZAMCOPS, amene amatolela ndalama za eni nyimbo, alinso ndi gawo lawo. Onjezani zimbudzi, ambulansi, osesa m'mawa mwake ndi zilengezo za pa wailesi zija zimatidukizila nyimbo m'basi. Zonsezi zimakathela pa kapepala kamodzi kamene inu mumagula.

Palinso cacinai cimene cimatikhudza ife eni ake, ndipo ndi cowawa kucimva. Tinaleka kugula nyimbo. Kale makolo athu anali kugula malekodi ndi makaseti, ife tinapezako ma CD. Lelo nyimbo ikatuluka m'mawa, pofika masana ili kale pa foni iliyonse kudzela pa WhatsApp, kapena mnyamata wa pa kantemba wakuikilani mazana awili pa memory card ndi ndalama ya vitumbuwa. Za pa YouTube, Boomplay ndi Spotify zimabweletsa kanthu, koma kwa woimba amene omvela ake ambili ali muno ndipo amawelengela mabundle, kanthuko ndi kocepa. Ndiye woimba adyela kuti? Pa siteji. Ndalama ya studio, ya vidiyo, ya lendi, ya sukulu ya ana, yonse amaifuna pa shoo. Tikiti yamasiku ano yasenza katundu amene kale anali kugawana ndi kaseti. Walila mvula walila matope: tinakonda nyimbo zaulele, manje tikuzilipilila pa geti.

Zonsezi ndazivomela. Koma sizifotokoza zonse, ndipo apa ndi pamene ndisiyana ndi anzanga okonza mashoo.

Dola siimene imacititsa kuti shoo ya 18 hours iyambe 21 hours. Ndipo kucedwa kumeneku si nkhani ya ulemu cabe, ndi nkhani ya ndalama. Munthu wa motoka yake akacedwa, wataya tulo basi. Munthu wa basi akacedwa, wataya K200, cifukwa mabasi a ku Kanyama, Chawama, Mtendere, Zingalume ndi Bauleni sayenda pakati pa usiku. Wopanda ya taxi amasankha pakati pa zinthu ziwili: kucoka asanaone amene analipilila, kapena kuyenda pansi mumdima ndi foni m'thumba, m'njila zimene majunkie amadikililamo. Kwa mtsikana, kusankha kumeneku n'koopsa koposa. Aliyense amene amaika woimba wamkulu pa 01 hours wanena kale, ngakhale sanalembe pa poster, kuti shoo yake si ya anthu a mabasi.

Dola siimene inabweletsa mipanda. Kale kunali geti imodzi. Kenako kunabwela VIP. VIP itadzala kunabwela VVIP, manje kuli matebulo okhala ndi maina a golide ndi miyala ya mtengo wapatali. Sindidana ndi munthu wolemela kukhala pa sofa. Ngati ndalama yake ithandiza kutsitsa tikiti ya ena, abwele ndi anzake. Cimene cimandipweteka ndi makonzedwe ake. Kutsogolo konse, pamene woimba amaona nkhope za anthu, amaikako matebulo a anthu amene atembenukila siteji msana, ali pa foni ndi mabotolo mu ayisi. Amene adziwa mau onse a nyimbo, amene asunga ndalama milungu itatu, ali kumbuyo kwa waya, kutali ngati ali ku Kafue, akuonela pa skilini cinthu cimene akanaonela kunyumba. Woimba akafuula kuti manja m'mwamba, manja amakwela kumbuyo kwa mpanda.

Dola siimene imagawa matikiti aulele. Ndaimapo pa geti n'kuona mabwana a mamotoka akuluakulu akulowa ndi anthu asanu asanu, onse pa complimentary, pamene mwana wa sukulu akuwelenga makoini kuti akwanitse yake. Amene angakwanitse kulipila ndiwo salipila. Mtengo wa mipando yawo sukwela kumwamba, umagawidwa pa mitu ya amene alipila. Ife atolankhani tilimo mu mlanduwu. Wobwela kudzagwila nchito ndi kamela kapena kope alowe, koma cizolowezi cobwela ndi cisumbali, mlamu ndi mnzake wa mlamu pa khadi imodzi ndi kudya thukuta la oimba omwe timati tikuwakweza.

Ndipo dola siimene imacititsa kuti tilipile mtengo wa bandi koma tipatsidwe kompyuta. Poster ikati live, tiyembekeza ng'oma, gitala, bass ndi mau enieni a munthu. Ngati woimba abwela ndi DJ cabe kudzafuula pamwamba pa nyimbo yake, palibe colakwa, koma lembani conco ndipo mtengo ukhale wa conco. Wogulitsa kapenta sakuuzani kuti ndi buka.

Mwina wina anena kuti shoo si unga, si mankhwala, wosakwanitsa akhale kunyumba. Zoona, palibe amene anafa cifukwa cosaona konsati. Koma funsani kuti nyimbo za dziko lino zinacokela kuti. M'zaka za m'ma 1970, pamene a Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo zambili za pa wailesi zikhale za muno, mabandi monga WITCH, Musi-O-Tunya, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi anakula cifukwa anthu wamba anali kuwaona ndi maso. M'ma 1980 kalindula ya PK Chishala, Amayenge, Shalawambe ndi Serenje Kalindula inayenda njila yomweyo. Anali kuimba m'maholo a khonsolo, m'maholo a m'migodi ku Copperbelt, m'mabala a m'komboni ndi ku Show. Atate anga amasimba za mashoo a masana a acinyamata, kumene munthu unali kupita utadya nsima ya masana n'kubwelako dzuwa lisanalowe, ndalama yake yosafika pokhumudwitsa amai kunyumba. Mwana amene anaimilila pafupi ndi siteji n'kuona zala za woliza gitala ndiye anapita kukapanga banjo ya cigubu. Ena mwa iwo ndiwo anadzakhala oimba.

Lelo Jagari Chanda ndi WITCH amaimba ku Ulaya ndi ku America, azungu akulipila kuti amve Zamrock. N'zonyaditsa. Koma mwana wa ku Chibolya kapena ku Mandevu amene sanaonepo bandi ikuliza pamaso pake, gitala adzaikonda bwanji? Tikatsekela ana a m'komboni kunja kwa geti, sitikuwamana cisangalalo ca usiku umodzi cabe. Tikudula muzu wa mtengo umene tikudyako zipatso. Oimba ambili amene lelo ali pa mabillboard anakulila ku Matero, Chawama, Kabwata, Chimwemwe ndi Chamboli, osati kumayadi.

Ndipo anthu a mabasi si osauka okha, ndiwo msika. Mu 2023 Yo Maps anadzaza Heroes Stadium, bwalo lolowa anthu pafupifupi 60,000, cinthu cimene ambili anali kuganiza kuti woimba wa muno sangacite. Kodi mipando ija inadzala ndi a VVIP? Iyai. Inadzala ndi anthu ocokela ku Chipata compound, Garden, Chaisa, George, Lilanda ndi Kabanana, ambili a iwo anabwela pa basi kapena pansi. Phunzilo lake n'loonekelatu: anthu 20,000 olipila K100 amabweletsa K2,000,000, cimodzimodzi ndi anthu 2,000 olipila K1,000. Ndalama ndi imodzi, koma shoo yoyamba imasiya anthu 20,000 amene adzabwelanso caka camawa, ndipo ogulitsa michopo, madzi ndi masikipa panja nawo adyako. Yaciwili imasiya zithunzi za pa Facebook. Ndidziwa kuti khamu lalikulu lifuna alonda ambili ndi zimbudzi zambili, koma limakokanso makampani othandiza, cifukwa kampani ya mafoni kapena ya zakumwa imafuna maso ambili, osati masofa ambili.

Nanga ticite bwanji? Sindikupempha boma kuti liike mtengo wa tikiti. Zimenezo zingangopha mashoo n'kulemeletsa ogulitsa matikiti mwamseli pa geti. Ndikupempha zinthu zimene zingatheke nyengo ino yomwe.

Kwa okonza mashoo, sungani nthawi. Lembani pa poster ola imene woimba aliyense akwela, ndipo muisunge. Yesani mashoo oyamba 14 hours n'kutha 20 hours, mabasi akali pamseu. A machalichi ndi oimba gospel akhala akucita zimenezi kwa zaka, ndipo maholo awo amadzala. Ngati shoo ifunika kufika usiku, kambilanani ndi madalaiva a ku Kulima Tower, City Market, Lumumba ndi Millennium kuti pakhale mabasi panja pa geti potuluka, a njila zodziwika, pa mtengo wolengezedwa. Dalaiva amene cashing yamuvuta masana sangakane ulendo wodzala usiku. Zimatheka pa maliro ndi pa maukwati, zingalephele bwanji pa konsati?

Gulitsani matikiti ocipa kwa ogula msanga, ndipo akhale ambili ndithu, osati makumi awili ongokopela anthu amene amatha tsiku lomwelo. Lolani anthu kulipila pang'onopang'ono pa mobile money, monga timacitila pa cilimba. Munthu amene sangatulutse K300 tsiku limodzi angathe kutulutsa K50 pa sabata. Ikani mtengo wa ana a sukulu. Cepetsani ma complimentary, ndipo bwana akafuna kuoneka, agule tebulo. Siyani mbali ina ya kutsogolo kwa anthu oimilila. Lolani munthu kulowa ndi botolo ya madzi yosatsegula, makamaka mu October muno mmene dzuwa limaocha ngati mbaula. Ndipo lembani poyela kuti woimba akapanda kubwela, ndalama zibwezedwa motani ndiponso liti.

Kwa makampani amene maina awo amadzaza siteji, funsani funso limodzi musanasaine ceke: kodi ndalama yathu itsitsa tikiti ya ordinary ndi zingati? Ngati yankho palibe, ndiye kuti mwalipilila ayisi wa ku VVIP. Makasitomala anu enieni, amene amagula talk time ya K5 tsiku lililonse, ali kunja kwa waya.

Kwa khonsolo ndi a National Arts Council, maholo a m'makomboni amene anamangidwila anthu asamangokhala a misonkhano ndi ma kitchen party. Akonzeni, ndipo woimba wa muno amene walonjeza tikiti yocipa mumucepetsele lendi ndi ndalama za zilolezo. Woimba wacinyamata sangayambile ku Heroes Stadium. Afunika holo ya anthu mazana atatu ku Matero kapena ku Chilenje, kumene angaphunzile kuimba ndi bandi pamaso pa anthu amene sacita manyazi kumuuza akalakwitsa.

Kwa oimba, ndikudziwa kuti nthawi ya Covid mu 2020, mabala ndi maholo atatsekedwa, ambili a inu munagulitsa zipangizo kuti mudye. Palibe amene akukuuzani kuimba mahala. Koma dzina lili pa poster ndi lanu, osati la pulomota. Anthu akabwelela kunyumba okhumudwa, amachula inu. Muli ndi mphamvu yofunsa mtengo wa geti musanavomele, ndi yokana kukwela pa siteji 02 hours. Pa mashoo khumi a m'mahotela, ikaniponi imodzi ya kwanu kumene munakulila. Ng'oma yolilitsa sicedwa kung'ambika, ndipo kuchuka kumene kwasiya anthu ake kumbuyo sikukhalitsa.

Manje kwa ife, anzanga a m'basi. Coyamba, osatenga kaloba cifukwa ca shoo. Ndaona anthu akupinyolitsa foni kuti akajambulitse cithunzi ku VIP, mwezi wotsatila akubisala kwa a landilodi. Nyimbo ikatha, ngongole siitha. Ngati mufuna kupita, sankhani shoo imodzi nyengo ino, muyambe kusunga lelo, mugule msanga, ndipo mupangane anayi kapena asanu a dela limodzi kuti mugawane taxi pobwela. Welengelani ulendo wonse, osati tikiti cabe. Gulani kumalo kumene alengeza eni shoo, osati kwa munthu wa pa WhatsApp amene akuti ali ndi yocipa, cifukwa pa geti makina akaikana mulibe kolilila. Sungani tikiti ndi uthenga wa malipilo. Shoo ikalephelekatu kapena woimba amene analengezedwa akapanda kuoneka, muli ndi ufulu wofuna ndalama zanu, ndipo a CCPC, bungwe loteteza ogula, alipo cifukwa ca madandaulo otele. Ambili timangotukwana pa foni n'kuiwala, ndiye cifukwa cake ena amabwelezanso.

Caciwili, tisiye kuzipeputsa tokha. Tili ndi matenda akuti mlendo akabwela timathyola banki osadandaula, koma mwana wa kwathu akati K100 timati, "Uyu wamene tinali kukwela naye basi?" Inde, yemweyo. Nayenso amalipila oliza ng'oma, lendi ndi sukulu. Ndipo tisiye kupempha ulele kwa oimba amene timawadziwa. Ngati mnzanu agulitsa tomato, simutenga mahala tsiku lililonse cifukwa munaphunzila limodzi. Tikafuna kuti mitengo itsike, tionetse kuti shoo yocipa, yoyamba pa nthawi, ya oimba a muno, imadzala. Pulomota samva Cinyanja kapena Cibemba, amamva mipando. Yodula ikakhala yopanda anthu, yocipa n'kusefukila, caka camawa adzawelenga yekha.

Ine ndayamba ndi zanga. Nyengo ino, shoo iliyonse imene ndipita kukasangalala osati kukagwila nchito, ndilipila. Ndipo imene ndipita kukagwila nchito, sindidzalembanso cabe kuti kunali moto. Ndidzalemba ola imene inalengezedwa ndi ola imene inayamba, mtengo wa madzi mkati, ngati kunali bandi kapena kompyuta, ndiponso ngati munthu wa ordinary anali kuona siteji. Owelenga danga lino ayenela kudziwa cimene akugula asanatulutse ndalama ya unga.

Lacinai madzulo ndinakumananso ndi kondakita uja pa City Market, akuitanila anthu a ku Matero. Ndinamufunsa kuti shoo ikanakhala zingati akanapita. Anaganiza pang'ono, akugwedeza makoini m'dzanja.

"Ba sister, K100 ningaisakile. Koma isile 20 hours, ndaba mailo 04 nifunika nikhale pa basi."

Sanapemphe ulele. Sanapemphe sofa. Wachula mtengo wake ndi nthawi yake, ndipo mu Lusaka muno alipo masauzande ngati iye. Okonza mashoo, kasitomala wanu uyo. Amaliza kale nyimbo zanu kucokela m'mawa mpaka usiku. Mutsegulileni geti.